Galasi Lopanda Chidindo

1. Wade adula chosadulidwa

Kaisa Lahti anamva phokosolo asanasase n'komwe chipale chofewa cha nyengo yachisanu ku nsapato zake. Linali phokoso lalifupi, louma, lakuti the! kenaka zii. Aliyense amene anagwirapo ntchito yoika magalasi amalidziwa phokoso limeneli, ndipo palibe amene amalikonda.

Anathamangira mkati mwa nyumba yatsopano imene ankaikamo magalasi. M'munsi mwa masitepe anapeza msuweni wake Wade atagwada pa simenti, chodulira magalasi chili m'manja, kukamwa kuli yasa. Patsogolo pake panagona galasi lachitatu la pa khoma la masitepe. Mng'alu unali utayenda kuchokera ngodya ina mpaka ngodya inzake.

"Wade! Wachita chiyani iwe?"

"Limakana kulowa," anayankha Wade osadzutsa mutu. "Linangokula kachala kamodzi. Ndimati ndichotseko pang'ono m'mbalimu."

"Uchotseko? Pa galasi la moto? Zaka zisanu ukudyera ntchito imeneyi, mpaka lero sudziwa kuti limeneli salidula? Mutu wakowo ndi wongokolekapo chipewa eti?"

"Usandilalatire, Kaisa. Si iwe bwana pano."

"Ndikanakhala bwana bwenzi ukusesa chipale panja, chodulira osachigwira n'komwe!"

Kaisa anali ndi chifukwa chopsera mtima. Galasi la moto si galasi wamba. Ndi magalasi angapo omatidwa pamodzi, ndipo pakati pake pali phala loonekera ngati madzi. Limachokera ku fakitale litadulidwa kale pa muyeso wake, lili ndi kachidindo pa ngodya kosonyeza kuti lingalimbane ndi moto kwa ola lathunthu. Ukalakwitsa muyeso, umaitanitsa lina. Muyeso wolakwikawo anatenga ndi Wade yemweyo, tsiku limene nzeru zake zonse zinali ku masewero a hoke, mpira wa ndodo uja. Kufunsa sanafunse munthu, ndipo paja safunsa anadya phula.

Nyumbayo inali ya ana a m'tauni yathu. Pansi panali holo yaitali mpaka kudenga, khitchini ili pakona pake. Pamwamba panali zipinda za tiana timene makolo amatisiya akamapita ku ntchito. Pakati pa holo ndi masitepe panali khoma la magalasi atatu osanjikizana. Malamulo a zomangamanga sanapite m'mbali pa khoma limeneli: moto ukabuka ku khitchini, liugwire kwa ola limodzi kuti ana atsike onse.

Magalasi awiri am'munsi anali ataikidwa kale. Tsikulo linali Lachisanu. Mayi Trudell, oyendera nyumba zatsopano, ankabwera 3 koloko masana kudzapereka chilolezo, ndipo mawa lake kunali mwambo wotsegulira.

2. Nzeru za amalume

A Rodney Salmi, amalume ake a Kaisa, ndiwo anali eni shopu ya magalasi. Anafika cha m'ma 9 koloko, kapu ya khofi ili m'manja. Anayang'ana galasi, nayang'ana mwana wawo. Mtsempha wa pamphumi unatupa, ndipo Kaisa anayembekeza kuti lero denga lisasuka.

"Wade, Wade, Wade," anatero akupukusa mutu.

Basi, mlandu unathera pomwepo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Akanakhala Kaisa waswa ngakhale kagalasi ka ku bafa, tauni yonse ikanamva mpaka kutsidya kwa mlatho.

A Rodney anatuluka kukaimba foni ku fakitale. Anabwerako nkhope ili gwaa. Galasi lina lidzafika pakatha masabata asanu ndi limodzi, osati tsiku limodzi m'mbuyo.

Anayenda uku ndi uku, kenaka anaima n'kuyang'ana m'mwamba. Malo a galasi lachitatu anali pafupi ndi denga, poti munthu safika popanda nsanja.

"Wade, thamangira ku shopu. Kuseri kwa kabati kuli galasi lokhuthala lija linatsala pa sitolo ya nsapato. Ulidule pa muyeso, ndipo ulendo uno uyeze kawiri. Kaisa, iwe ukwera. Wade akugwirira, iwe uika ndi kutseka."

"Malume, mukunena zoona kapena mukundiyesa?"

"Ndikuoneka ngati ndikuseka?"

"Limenelo ndi galasi wamba! Lilibe chidindo!"

"Mawondo a mayi Trudell ndimawadziwa ine. Nsanja sakwera. Awerenga zidindo ziwiri zam'munsizi, lachitatu angoliponyera diso ali pansi. Lenilenilo likabwera tidzasintha mwakachetechete. Ndi masabata sikisi okha."

"Motowo mwauuza kuti udikire masabata sikisi?"

"Pakamwa pako, mtsikana iwe!" A Rodney anamenyetsa kapu pa bokosi la zida, khofi n'kutayikira. "Tauni yonse yadikira nyumba imeneyi zaka zinayi. Mawa a meya akubwera ndi sizasi yawo. Ana a bandi ayeserera nyimbo mwezi wathunthu. Lolemba mabanja makumi anayi alibe kosiya ana. Ukufuna ndikaime pamaso pawo n'kunena kuti a Salmi alephera galasi limodzi?"

"Kanenenitu! Walakwa ndi mwana wanuyu, si ine!"

"Nyumba zingati zapsa m'tauni muno chibadwire iwe? Ziwerenge. Zomwe amakuphunzitsani ku sukulu ya ntchitoko zakudzaza mutu. Malamulowo amalemba ndi anthu a m'maofesi amene sanagwirepo galasi."

Kaisa anatsonya. "Nanga m'felemumo mulembedwa dzina la ndani?"

Funso limeneli silinali lachabe. Shopuyo inali ndi mwambo wake, umene anayambitsa agogo ake a Kaisa. Aliyense woika galasi amakanda dzina lake ndi chaka pa chitsulo cha felemu ndi msomali, m'kati moti mubisika akatseka. Mwini nyumba saliona dzinalo. Amadzaliona ndi amene adzatsegule felemuyo tsiku lina. Kaisa anauyamba mwambowu chisanu chatha, pa nyumba yosungira okalamba ya kutsidya kwa mlatho. Anaikako magalasi asanu yekha, ndipo pobwerera ankaimba m'galimoto njira yonse.

"Lako," anayankha a Rodney. "Woika ndiwe."

"Sindilemba."

A Rodney anasendera pafupi. Anatsitsa mawu, koma kutsitsa kwake kunaposa kukuwa.

"Tamvera. Bambo ako atamwalira, anakutenga ndani? Anakugwiritsa chodulira ndani? Kwatsala masabata atatu kuti zaka zako zitatu za maphunziro zikwane. Pepala lako la umisiri lili m'kabati mwanga, likudikira dzanja langa. Popanda dzanjalo mayeso sulemba, ndipo zaka zitatu zapita m'madzi. Ukwera kapena sukwera?"

Kaisa anali ndi zaka makumi awiri, ndipo pepala limenelo ndi lokhalo limene ankalilota. Anatola magolovesi ake n'kutuluka, akumenyetsa chitseko mpaka chipale chinagwa kuchokera padenga.

3. Felemu ya a Arvo

Kuseri kwa nyumbayo anapeza a Arvo Niemi atakhala pa bokosi, akudya mkate wawo wokulungamo nyama ndi mbatatesi. A Arvo anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi. Nsanja anasiya kukwera kalekale, koma ankabwerabe katatu pa sabata kudzanola zida ndi kukalipira anyamata. Monga mwa masiku onse, mkatewo anali ataudula pakati. Theka linalo analikulunga m'pepala kuti akapatse akazi awo, a Helmi, amene ankakhala ku nyumba ya okalamba ija chiwagwirire matenda ofa ziwalo. Ikakwana 4 koloko, a Arvo ankapita kukawadyetsa ndi dzanja lawo.

"Ndamva zonse," anatero. "Makoma a masiku ano ndi mapepala. Kanditengere chidutswa cha galasi losweka lija, ndi china cha wamba."

Kaisa anabweretsa. A Arvo anaziimika pakati pa njerwa, nayatsa chowotchera cha gasi. Anayamba ndi cha wamba. Kaisa asanawerenge n'komwe mpaka makumi awiri, chinati thephu! n'kugwera m'chipale zidutswa zitatu.

Kenaka analozetsa lawi pa chidutswa cha galasi la moto. Nkhope yake inang'aluka, koma sichinagwe. Phala la mkati linayamba kutupa, kuyera ngati mkaka wowira.

"Ika dzanja kuseriko."

"Ndipsa, a Arvo."

"Ika, ndati!"

Kaisa anaika. Kunali kofunda chabe, ngati kapu ya tiyi yomwe yakhalitsa pa tebulo.

"Zimenezi ndimazidziwa," anatero mokwiya. "Tinaphunzira. Musandionetse ine, kawaonetseni amalume!"

"Rodney ndinamuuzapo kale. Anati ndakalamba, ndizingosamala za mkazi wanga." A Arvo anazimitsa chowotchera. "Khala pansi, mwanawe. Pali chimene sunaphunzire.

"Ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, wamatama kuposa Wade. Masiku amenewo galasi la moto linali lija la mawaya mkati. Agogo ako anandituma kukaika pa chitseko cha masitepe ku nyumba ina yogona anthu a ku mgodi. Ndikayang'ana m'shopu, la mawaya latha. Mwini nyumbayo anandikakamira ngati nkhupakupa, akuti alendo akumva mphepo. Ndiye ndinadula la wamba n'kuika. Ndinakanda dzina langa bwinobwino, n'kudziuza kuti Lolemba ndidzasintha.

"Lolemba linafika, kunali ntchito ina. Lolemba lina linafika. Galasi silidandaula, mwanawe. Paipi imadontha, chitseko chimalira, denga limathonya, ndipo mwini wake amakuimbira foni mpaka utabwera. Koma galasi limangokhala phee, likuwala, iwe n'kuiwala. Rodney akamati tidzasintha, iwe uziti wamva mawu a ine ndili mnyamata. Zaka ziwiri zinatha ndisanabwerereko.

"Moto unabuka Lachitatu masana. Mafuta anayaka ku khitchini. Galasi langa linaphulika mphindi zitatu zisanathe, utsi n'kukwera masitepe ngati m'chumuni. Amuna analumphira pa mawindo, ena anathyoka miyendo koma anapulumuka. Pamwamba panali mayi wina wochapa zovala, dzina lake Ilona, ndi kamwana kake ka miyezi isanu ndi itatu. Sakanalumpha ali ndi mwana m'manja. Anayesa masitepe. Anawapeza onse awiri pa sitepe yachisanu ndi chiwiri."

Kaisa anayang'ana zidutswa za m'chipale, ndipo a Arvo anapitiriza.

"Patapita masiku atatu ndinalowa ndekha m'phulusamo. Matabwa onse anapsa, koma chitsulo sichipsa. Ndinaitola felemu ija, n'kupukuta mwaye ndi chala. Dzina langa linali pomwepo, lowerengeka ngati ndalemba dzulo. Palibe anandimanga. Palibe anafunsa n'komwe za galasi, onse ankanena za mafuta. Ndinakaonetsa agogo ako okha. Sanandimenye, sananditukwane. Anangoti, 'Uisunge.' Ili m'chipinda changa chapansi mpaka lero, ndipo ndimaidutsa tsiku lililonse popita kukasonkha moto.

"Anthu amaganiza kuti mwambo wa msomaliwu ndi wodzitamandira. Ayi. Agogo ako ankafuna kuti dzanja lichite mantha lisanatseke felemu. Woyendera nyumba amabwera tsiku limodzi, amakhala mphindi khumi, amapita. Iwe ndi galasi lako mumatsala. Ana amene adzatsike masitepe awa sadzadziwa dzina lako, ndipo upemphere kuti asadzalidziwe."

"Ndiye nditani? Ndikakana, pepala langa lapita. Zaka zitatu, a Arvo! Inu lanu muli nalo!"

"Ndili nalo, eya. Lili pa khoma, pamwamba pa felemu ija." A Arvo anaika theka la mkate m'thumba la jasi. "Sindikuuza chochita. Ine wina akanandiuza sindikanamva. Mawu a akulu akoma akagonera."

Kaisa anadzuka ali wokwiya kuposa mmene anakhalira. Anakwiyira Wade, anakwiyira amalume ake, anakwiyiranso nkhalambayo chifukwa chomusenzetsa katundu woteroyo n'kumuuza kuti asankhe yekha.

4. Msomali

Tisanamizane, Kaisa anakwera. Amene akuyembekeza kuti anaponya zida pansi n'kupita kwawo sanakhalepo ndi pepala m'kabati mwa munthu wina.

Wade anabwera ndi galasi cha m'ma 1 koloko. Analikweza awiriwo pa nsanja, a Rodney akulamula ali pansi. Linali lopepuka, lopepuka mochititsa manyazi. Lenileni lija ankalinyamula amuna atatu akubuula.

Kaisa anaika timalabala pansi pa felemu, nalikhazika galasi, nawonjezera timizere m'mbali kuti lisagwedere. Ntchito yake inali yaudongo monga mwa nthawi zonse. Kenaka anapisa m'thumba n'kutulutsa msomali.

Ali pamwambapo ankaona bwino khonde la zipinda za ana, kutsidya kwa masitepe. Pa khoma panali mzere wa tokolekera majasi, tofika m'mawondo mwa munthu wamkulu. Pamwamba pa kalikonse aphunzitsi anali atamata kale pepala la dzina: Aili, Colton, Wren, Mateo, mpaka kumapeto kwa khoma.

"Lemba tizitsika," anatero Wade. "Ndazizidwa ine."

Kaisa anamupatsira msomali. "Lemba lako."

"Ine? Woika ndiwe."

"Waswa ndiwe. Wadula ili ndiwe. Lemba."

"Iwe, usandiputire tsoka. Adadi anati ulembe ndiwe."

"Ukuopa chiyani? Si ndi masabata sikisi okha?"

Wade anayang'ana kumbali. Kaisa anabweza msomali m'thumba, natseka felemu yopanda dzina. Chikhazikitsire agogo ake shopuyo, imeneyi inali yoyamba. Anatsika ali ndi ukali, ndipo a Rodney atamusisita paphewa n'kunena kuti, "Ndiwe wathu ndithu," anawasasa dzanja ngati ntchentche.

Anagwetsa nsanja mofulumira n'kuiunjika panja. Zidutswa za galasi losweka anazibisa m'galimoto.

Mayi Trudell anafika 3 koloko ndendende, ndodo kudzanja lina, katochi kudzanja lina. Anali mayi wamfupi, wa tsitsi laimvi, wosakonda nkhani zambiri. Anayendera zitseko, mabelu a moto ndi khitchini. Kenaka anafika pa khoma la masitepe. Anawerama movutikira, naunika ngodya ya galasi loyamba. Anatukula tochi, naunika ya lachiwiri. Analemba pa pepala lawo.

Kenaka anayang'ana m'mwamba.

"Lam'mwambalo n'chimodzimodzi, Rodney?"

"Chimodzimodzi, mayi. Bokosi limodzi, tsiku limodzi."

"Nsanja mwachotsa kale? Changu bwanji lero." Anatembenukira kwa Kaisa. "Waika ndiwe, mwanawe? Dzanja lako ndimalidziwa. Chidindo unachiona?"

Cholembera chinali kale pa pepala. Kaisa akanangogwedeza mutu, nkhani ikanatha, ndipo mawa a meya akanadula riboni yawo. A Rodney ankamuyang'ana osaphethira. Pakhomo panaima a Arvo, chipewa chili m'manja. M'thumba mwa Kaisa msomali unkamubaya pantchafu.

"Lilibe chidindo, mayi."

"Wati chiyani?"

"Ndi galasi wamba. Lenileni lasweka m'mawa, zidutswa zili m'galimoto. Ndaika ndine, ndikudziwa kuti ndi wamba."

"Kaisa!" anakuwa a Rodney.

"Musanditchule, malume! Mwandikweza pamwamba paja ngati kapolo wanu, pepala langa muli chigwirire pakhosi panga. Ndaika, inde, ndipo ndikuchita manyazi. Koma bodza lachiwiri mukanene nokha!"

Mayi Trudell anavula magalasi awo a m'maso, nawapukuta pang'onopang'ono.

"Rodney Salmi," anatero, "ndakudziwa uli mwana wa kabudula. Bambo ako sindinawakwererepo nsanja, chifukwa akati zili bwino zinkakhala zili bwino. Ndi chifukwa chake ndinasiya kukukwerera iwenso. Umaganiza kuti ndi mawondo? Mdzukulu wanga Wren ayamba kuno Lolemba. Unkadziwa zimenezi, unali pa ubatizo wake. Kuyambira lero galasi lililonse la shopu yako ndidzaliwerenga ndekha, ngakhale andikweze ndi chingwe."

Anatulutsa pepala lofiira, nalemba, nakalimata pa chitseko cha masitepe. Pamwamba sipatsegulidwa mpaka galasi loyenera litaikidwa. Asanatuluke anaima pamaso pa Kaisa.

"Iwenso usayembekeze kuti ndikuombera m'manja. Ukanakana usanakwere. Koma wanena, ndipo ndalemba kuti wanena."

5. Kutsidya kwa mlatho

A Rodney anadikira mpaka galimoto ya mayi Trudell itakhota. Kenaka analavula moto pabwalo poimika magalimoto, anthu odutsa akumva.

"Njoka! Ndalera njoka m'nyumba mwanga! Dzina la shopu limene bambo anga analimanga zaka makumi asanu, iwe waligwetsa ndi mawu awiri!"

"Mwaligwetsa ndinu m'mawa uja! Ine ndangonena poti lagwera!"

"Bweretsa makiyi a shopu. Bweretsa! Pepala lako ukalifunse kwa mayi Trudell, akusainire ndi ndodo yawoyo!"

Kaisa anachotsa makiyi pa lamba n'kuwaponya m'chipale, pafupi ndi mapazi awo. Misozi inali ikutsika, ndipo zimenezi zinamupsetsa mtima koposa, chifukwa sanafune kuti amalume ake aganize kuti akupepesa. Zaka zitatu zinali zitapita. Ankadziwa kuti mawa pa mwambo theka la tauni lidzamuloza chala, ndipo amayi ake adzalira chifukwa cha mkangano wa pachibale.

"Zisiye, Rodney," anatero a Arvo. "Mwanayu wakupulumutsa, ngakhale sukuona."

"Inu khalani chete, madala! Ndinu mwamudzaza mutu ndi nthano zanu za m'phulusa." A Rodney anatola makiyi, natsegula chitseko cha galimoto yawo. Kenaka anaima. Anatembenuka, ndipo pankhope pawo panali kumwetulira koipa, kwa munthu amene wapsa ndipo akufuna mnzake apsenso.

"Ukudziona woyera, eti Kaisa? Wakana kulemba dzina lero, wasanduka mngelo. Nanga chisanu chatha, ku nyumba ya okalamba? Magalasi a pa zitseko za masitepe aja, opyapyala aja, amene la moto ndi la wamba sungawasiyanitse ndi maso. Anakupatsira ndani?"

"Munandipatsira ndinu."

"Eya. Unali wokondwa, ukuimba, msomali uli m'manja. Bokosi linabwera loperewera, ine ndinakwaniritsa ndi zomwe zinalipo. Pa ngodya unayang'ana?"

Kaisa ankakumbukira kuzizira kwa tsiku lija, kulira kwa msomali pa chitsulo, ndi chilembo chilichonse cha dzina lake. Ngodya za magalasi sankazikumbukira.

"Masitepe ati, Rodney?" Mawu a a Arvo anali atasintha.

A Rodney anawayang'ana, ndipo kumwetulira kuja kunazima. Zikuoneka kuti m'ukali wawo anali ataiwala amene waima pamenepo.

"Ndati masitepe ati?"

"A kum'mawa," anayankha chapansipansi. Analowa m'galimoto, Wade pambuyo pawo, n'kuchoka osayang'ana m'mbuyo.

Kaisa sanafunikire kuuzidwa. Anali atapitako kangapo ndi a Arvo. Chipinda cha a Helmi chinali pamwamba, chitseko chachiwiri kuchokera pa masitepe a kum'mawa, ndipo a Helmi sankatha kudzuka okha pa bedi.

Nkhalambayo inaima chiimire, dzanja lili pa thumba la jasi mmene munali theka la mkate. Nthawi inali itangopitirira 4 koloko.

"Unaika angati kumeneko, mwanawe?"

"Asanu."

"Zidindo unawerenga zingati?"

Kaisa anathamangira m'holo, natola bokosi lake la zida ndi tochi, naziponya kumbuyo kwa galimoto yakale ya a Arvo. Anatsegula chitseko cha woyendetsa n'kutambasula dzanja.

"Makiyi, a Arvo. Ndiyendetsa ndine."

A Arvo anamupatsa. Kaisa analiza injini, nalunjika ku mlatho.